Dongo Losadziwa Dambo

Abale, padziko pano pali dongo lina lomwe silinaonepo dambo. Silikumbidwa ndi khasu, silikandidwa ndi madzi, ndipo ngakhale mulisiye pa tebulo mwezi wathunthu siliuma. Eni ake amalitchula kuti polymer clay, koma kunena mosapsatira ndi pulasitiki wa PVC, yemwe uja wa mapaipi a madzi, wosakanizidwa ndi utoto komanso mankhwala omufewetsa. Woumba akamaliza ntchito amangoika mu uvuni wa kukhitchini pa madigiri 110 mpaka 135, mphindi ngati 30, basi chalimba. Pomwe mphika wa agogo athu umalira moto wa nkhuni woposa madigiri 600.

Ine ndinakumana nalo koyamba pa makutu a msuweni wanga. Anavala ndolo zoyera motuwira, za timizere tating'ono, mnyanga wa njovu weniweni ukamaziona. Ndinamufunsa ngati saopa a zanyama zakutchire. Iye anangoti, "Asuweni, njovu yake inabadwira mu uvuni." Tinaseka, koma funso linanditsalira: kodi chinthu chimene ulemu wake wonse uli pa kufanana ndi chinthu china tingachitche luso?

Funsoli dongoli linabadwa nalo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Käthe Kruse, mayi wotchuka popanga zidole ku Germany, ankafuna choumbira mitu ya zidole zake. Chomwe anapeza sichinamukhutiritse, ndiye anangopatsa mwana wake Sophie, yemwe kunyumba ankamutchula kuti Fifi. Mwanayo anachikonza nkuyamba kugulitsa mu 1954. Mu 1964 kampani ya Eberhard Faber inagula chinsinsi chake, ndipo mu 1966 linatuluka ndi dzina loti Fimo. Ku America nako, m'zaka zomwezo za m'ma 1960, kunatuluka mnzake wotchedwa Sculpey. Taonani: linayamba ngati mlowam'malo wokanidwa, nkukhala choseweretsa ana. Chiyambi chotere sichichoka msanga.

Amene analitulutsa m'chipinda cha ana ndi amisiri a ku America. Mu 1991 Nan Roche analemba buku la The New Clay, lomwe linafalitsa njira yobwerekedwa kwa osula galasi a ku Venice, yotchedwa millefiori, kutanthauza maluwa 1,000. Woumba amasanja timizere ta dongo la mitundu yosiyanasiyana m'litali mpaka patapangika mpukutu wonenepa, womwe kumaso kwake kumaoneka duwa kapena nkhope ya munthu. Kenako amaufinya ndi kuukoka pang'onopang'ono mpaka utaonda ngati chala, koma chithunzi chija sichisokonekera, chimangochepa. Akamadula timagawo ngati akudula nthochi, kagawo kalikonse kamatuluka ndi duwa lomwe lija. Amene anayesapo akudziwa kuti apa pamafunika kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Ukangofinya mbali imodzi mopitirira, nkhope yonse yapindika, ndipo ntchito ya masiku atatu yapita.

Luso limenelo sinditsutsa. Chomwe ndikunena nchoti ndi luso lobwereka, ndipo kubwereka sikunathere pomwepo. Victoria Hughes anatchuka pophunzitsa anthu kusandutsa dongoli kuti lioneke ngati mnyanga, mwala wamtengo wapatali, fupa, kapena chikopa chakale. Buku lake la mu 2002 analitcha Polymer: The Chameleon Clay, kunena kuti dongo la bilimankhwe. Iye ankatama. Ine ndikawerenga dzinalo ndimamva mlandu.

Ife kuno bilimankhwe timamudziwa bwino. Pamene Jack Mapanje ankatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981, alembi athu ankasintha maanga chifukwa kuyankhula poyera kunali kudziitanira ndende, ndipo mwini wakeyo anakakhaladi ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Bilimankhwe ameneyo anali ndi choti anene, maangawo anali chobisalira chabe. Nanga bilimankhwe wa mu uvuniyu, akamadzisandutsa mwala, akubisa mawu anji? Nthawi zambiri palibe. Woona amangoti, "Ha! Ngati zenizeni!" Akatero nkhani yatha. Kudabwa kotere kumakhala mphindi imodzi, ngati kwa matsenga a pamsika.

Ndisakhale wouma mtima. Chiletsereni malonda a minyanga pakati pa maiko mu 1989, ndolo ya mnyanga wabodza ili ndi phindu lake, ndipo njovu za ku Kasungu zikadatha kuyankhula zikadathokoza. Koma kumeneko nkupambana pa chifundo, osati pa luso.

Kwa ine dongoli linayamba kuyankhula ndi mawu akeake pamene amisiri anafunsa funso lina: nchiyani chomwe ili lingachite chimene galasi, mtengo ndi dongo la kudambo sizingathe? Yankho limodzi linabwera mu 1996 kuchokera kwa Judith Skinner. Iye anadula dongo la mitundu iwiri m'zidutswa za ngodya zitatu, nkuzilumikiza, nkumazipinda ndi kuzidutsitsa kambirimbiri m'kamakina kaja ka ku Italy kopyapyalitsira pasta. Chotuluka chinali chinsalu cha dongo chomwe mtundu umodzi umasungunukira mwa unzake popanda malire, monga mmene thambo limachitira dzuwa likamalowa. Utotowo sunapakidwe pamwamba, uli m'thupi mwenimweni mwa chinthucho. Apa palibe chotsanzira.

Chimodzimodzi Kathleen Dustin, yemwe anaphunzira zoumba ndi dongo lenileni asanatembenukire ku ili. Tizikwama take ta m'manja amatikuta ndi timiyalo topyapyala toonekera mkati, nkupala ndi kupukuta mpaka chithunzi chioneke ngati chili pansi pa madzi odikha. Ntchito zotere ndi zomwe zinachititsa kuti mu 2011 nyumba yosungira zaluso ya Racine Art Museum ku Wisconsin ikonze chionetsero chachikulu cha Terra Nova, chomwe chinaika dongoli pamodzi ndi zaluso zina zolemekezeka. Zaka 45 chitulukireni Fimo, mwana wokanidwa uja anapatsidwa mpando.

Tsono kwa achinyamata athu amene ayamba kuumba ndolo ndi mikanda poonera pa intaneti, mawu anga ndi awa. Dongo limeneli simungaphikiremo ndiwo, simungasungiremo madzi akumwa, ndipo likapserera mu uvuni limatulutsa utsi woipa. Mbiya ikakhala yosaoneka bwino imapulumukira poti imaziziritsa madzi. Ndolo yanu ilibe kothawira koteroko: ikalephera m'maso, yalephera basi. Ndiye ngati mwagula dongo lochokera kutali ndi ndalama zovuta kupezazi, nkungotulutsa maluwa omwe aja amene mtsikana wa ku London watulutsa kale, mwakhala otsanzira a otsanzira. Njira phunzirani, palibe manyazi, pakuti nawo a ku America anaphunzira ku Venice. Koma zoti munene nazo musabwereke. Maso muli nawo: maanga a nkhanga, mizere ya pa lichero, utoto wa mbuna za m'nyanja yathu.

Msuweni wanga ndolo zija amavalabe, ndipo anthu amamufunsabe ngati ndi mnyanga. Ine ndikudikira tsiku limene wina adzamuimitse pa msewu nkumufunsa funso lina: "Kodi anaumba zimenezi ndani?"