Nkhunda Saimanga Pachikhomo

Mbuzi amaimanga pachikhomo, ng'ombe amaitsekera ndi mipiringidzo, koma nkhunda ilibe chingwe. Kukacha imakwera m'mwamba n'kuona midzi ingapo nthawi imodzi, makola a eni ake ali mbwee pansi, ndipo dzuwa likapendeka imasankha yokha kokagona. N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu akuluakulu omanga makola a nkhunda m'midzi ya kwa Kabudula, ku Nsaru mpaka ku Nambuma. Iwo amamanga nyumba ya mbalame yoti ikapanda kukhutira imangouluka osatsanzika, n'kutenganso ina.

Mmisiri weniweni sayamba ndi kukumba maenje. Amayamba wayendayenda pabwalo, manja kumbuyo, maso ali m'mwamba. Mtengo wa mango wagudira pafupi? Pamenepo ayi, chifukwa kabawi amabisala m'masamba ndipo mphaka amatsata nthambi n'kudumphira padenga. Kuseri kwa nyumba, kumene anthu safikako? Ayinso, poti vumbwe ndi likongwe amakonda kumene kulibe maso, ndipo wakuba naye n'chimodzimodzi. Pafupi kwambiri ndi khitchini pali utsi ndi ana othamangitsana. Malo amene amawasankha kawirikawiri amakhala pambali pa bwalo, kufupi ndi nkhokwe, poti mwini wake atakhala pakhonde amaona zipata zonse, ndipo mbalame zili ndi mpata wotsika popanda chotchinga.

Kenaka pamabwera nkhani ya mphepo. M'chigwa cha Lilongwe, chimene chili pamtunda wa mamita oposa 1,000, mwezi wa June ndi July kumawomba mwera wochokera kummwera chakummawa, ndipo maunda ongoswedwa kumene amakhala opanda nthenga. Wodziwa ntchito amafulatitsa khola kumphepoyo, zipata n'kuloza chakumpoto. M'miyezi yomweyi dzuwa limadutsira mbali ya kumpoto, choncho kufunda kumalowa m'zisa pomwe chisanu chikutsalira kukhoma. Ambiri mwa amisiriwa sanaphunzire za kayendedwe ka dzuwa m'kalasi, koma anaona kumene mthunzi wa nkhokwe umagwera chaka ndi chaka, ndipo anasunga.

Mphanda zimakhala zazitali kuposa munthu, zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, za mtengo wosagwa chiswe msanga. Kumunsi kwake ena amawaula pamoto, ena amapaka oyilo wakuda wotsala ku chigayo. Makungwa onse amasenda kuti pakhale poterera, ndipo pakati pa mphanda amakulungapo chidutswa cha lata kuti khoswe akafika pamenepo abwerere. Pamwamba amagoneka mitanda, amayala thandala, zonse zomangidwa ndi luzi kapena linya. Ndimakonda kuyang'ana mfundo zimenezi. Sizikhala zambiri, koma ukagwedeza mphanda imodzi khola lonse limayenda pamodzi, palibe chokhwepa.

Zipinda ndiye pagona luso. Kale ankasenda khungwa la mombo lathunthu, ngati mmene amapangira mng'oma wa njuchi, n'kusanja makungwawo mizeremizere. Khungwa silitentha masana, silizizira usiku, ndipo m'kati mwake mumakhala kamdima kamene nkhunda imafuna ikamafungatira. Lero mombo wa msinkhu umenewo sungaupeze pafupi. Minda yakula, zigafa za fodya zadya mitengo, ndipo yotsalayo ili ku Dzalanyama, nkhalango yotetezedwa kumene Mtsinje wa Lilongwe umayambira, komwe kusenda mtengo ndi mlandu. Amisiri sanagwe ulesi. Ena amaluka nsungwi kapena bango n'kumata ndi dothi la pachulu losakaniza udzu, ena amagoneka miphika yong'aluka, ena amaumba tinjerwa ting'onoting'ono. Chakufupi ndi Namitete, kumene akalipentala ndi ambiri m'mbali mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, timatabwa totsala pokhoma mipando timasanduka zipinda zaudongo. Chimene sindigwirizana nacho ndi khola la malata okhaokha. Limaoneka lachitukuko, koma mu October limasanduka ng'anjo, ndipo maunda amafera momwemo.

Mukawerenga zipinda za khola lomangidwa bwino mudzapeza kuti n'zochuluka kuposa mabanja a nkhunda, ndipo si kuwononga dothi. Nkhunda yaikazi imaikira mazira 2 okha pa nthawi imodzi. Imafungatira mosinthana ndi yaimuna kwa masiku pafupifupi 18, yaimuna masana, yaikazi usiku wonse mpaka m'mawa. Akaswa, makolo onse awiri amadyetsa ana ndi chakudya chonga mkaka chotuluka kukhosi kwawo. Maunda amatha pafupifupi milungu 4 asanatuluke, koma zakudya zikakhala zokwanira, mayi amaikiranso anawo asanachoke. Akaikira kuti ngati chipinda n'chimodzi? Mazira amasweka, kapena banjalo limakalanda chipinda cha anzawo, ndewu n'kuyambika, mapeto ake ena amasamuka. Mmisiri wochenjera amapereka zipinda ziwiri zoyandikana ku banja lililonse. Chipata amachichepetsa kuti mungolowa nkhunda imodzi ndi dzanja la mwini wake, ndipo kutsogolo amasiya kakhonde kotera, poti tambala wa nkhunda amafuna poimirira akamalira ndi kulondera pakhomo pake.

Denga ndi la udzu, lotsetsereka, lotulukira kunja ndithu kuti mvula ya January isamenye zipata. Pansi, chapafupi, amazika mtengo wa mphanda zitatu n'kukhazikapo phale la madzi. Ngakhale phaleli lili ndi nzeru yake. Nkhuku imajompha madzi n'kukweza mutu, koma nkhunda imamiza mlomo n'kuyamwa osadzutsa khosi, ndiye imafuna madzi akuya pang'ono, oyera, tsiku ndi tsiku. Pakhomo pouma phale, mbalame zimakamwa kwa oyandikana nawo, ndipo kumene zamwa kawiri katatu zimayamba kuyang'ana zipinda.

Nkhunda zongogulidwa kumene pamsika wa Nsaru sazimasula tsiku lomwelo, chifukwa zimadziwa njira ya kwawo. Amazitsekera kwa milungu ingapo, ena amazula nthenga zazitali za kuphiko kuti pomera zina zikhale zitazolowera, ndipo amaziwazira misere ndi gaga pa nthawi imodzimodzi, akuimba likhweru lomwelo. Zikangoikira, nkhani yatha, sizibwereranso kwawo.

Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano. Ena amaseka, koma ine ndimaona kuti mawuwa ali ndi mutu. Pakhomo pomwe anthu sakulankhulana, ndani akumbuke kuthira madzi m'phale? Ndani akwere kukasesa zisa ndi kuwazamo phulusa kuti utitiri usaswane? Oweta nkhunda ku Ulaya amachita kugula timitengo ta fodya toika m'zisa pofuna kuthamangitsa tizilombo, pomwe kwa Kabudula timangotayidwa kuseri kwa chigafa. Ku Isfahan, m'dziko la Iran, m'zaka za m'ma 1600 ankamanga nsanja zazikulu za njerwa zosungira nkhunda zikwizikwi, cholinga chili zitosi zothira m'minda ya mavwende. Kwathu zitosi zomwezo zimapita kudimba, pa mpiru ndi tomato, ndipo mlendo akafika mwadzidzidzi, maunda awiri amapulumutsa mayi wa pakhomo ku manyazi osowa ndiwo.

Amisiri odziwa kuwerenga mphepo, mthunzi ndi khalidwe la mbalame ambiri ndi okalamba tsopano, ndipo luso lawo silinalembedwe. Inu achinyamata a ku Mpingu ndi ku Nambuma amene mukufuna kuweta nkhunda, musathamangire misomali. Pitani kwa agogo amene khola lawo ladzaza, mukawagwirire mphanda ndi kuwapondera dothi, ndipo mukawafunse chifukwa chimene anazikira pamenepo osati apo.