Okonkwo ndi Luso Logwetsa Ngwazi

Zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, Aristotle adalemba m'buku lake la Poetics kuti ngwazi ya sewero lachisoni isakhale munthu wangwiro kapena chigawenga chenicheni. Ikhale munthu wolemekezeka amene amagwa chifukwa cha kulakwitsa kwake, kuti oonera agwidwe chisoni ndi mantha. Iye ankakonda kupereka chitsanzo cha Oedipus wa Sophocles. Kwa ine, amene adaugwira bwino mtima wa lusoli ndi Chinua Achebe m'buku la Things Fall Apart, la mu 1958.

Achebe adaluka mphamvu ndi chilema cha Okonkwo, ngwazi ya bukuli, ndi ulusi umodzi. Bambo ake, Unoka, adali mlesi wokonda chitoliro, ndipo adamwalira ali ndi ngongole zambirimbiri. Kuopa kufanana nawo n'kumene kudamulimbitsa Okonkwo mpaka kugwetsa Amalinze pa masewera ogwetsana ali ndi zaka 18, kudzaza nkhokwe ndi zilazi ndi kulandira ulemu kwawo ku Umuofia. Mantha omwewo ndi amene adzamudye.

Taonani momwe imfa ya Ikemefuna idakonzedwera. Mnyamatayu wakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu ndipo amamutcha bambo. Mlembi sathamangira chikwanje. Amayamba watumiza nkhalamba Ezeudu kukachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja pa kuphedwa kwa mnyamatayo. Chenjezoli likutsegula khomo lothawira, ndipo owerenga tikuliona. M'nkhalango momwe akukamuphera mwanayo, Okonkwo akutsalira m'mbuyo, ngati kuti wamvera. Koma mwana atakhapidwa n'kuthamangira kwa iye, Okonkwo akusolola chikwanje chake n'kumumaliza, kuopa kuti anzake amuyesa wofooka. Pakadapanda Ezeudu, tikadati ndi tsoka chabe. Chifukwa cha chenjezolo, tikudziwa kuti munthuyu wasankha yekha, ndipo n'chifukwa chake zimatiwawa.

Zotsatira zake zikubwera mwa dongosolo. Mfuti yake ikuphulika pa maliro a Ezeudu yemweyo n'kupha mwana wa malemuyo, ndiye akupirikitsidwira kwawo kwa mayi ake ku Mbanta zaka 7. Nwoye, mwana wake amene mtima udasweka pa imfa ya Ikemefuna, akulowa Chikhristu. Pobwerera, Okonkwo akupeza Umuofia itasintha. Akupha mthenga wa boma la atsamunda, anthu akulekerera amithenga enawo kuthawa, iye n'kuzindikira kuti nkhondo kulibe. Akudzimangirira, imfa yonyansa pa mwambo wa kwawo, moti abale ake sangakhudze mtembo wake.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Okonkwo sadalakwe pa zonse. Adaona bwino kuti atsamunda akuphwasula mtundu wake. Achebe satilola kumuweruza msanga, satilolanso kumukhululukira magazi a Ikemefuna. Olemba ambiri amalephera pomwepa: amagwetsa ngwazi yawo ndi ngozi kapena ufiti wa adani, owerenga n'kungoti pepani. Wofuna kutiliza zenizeni apatse ngwazi yake mpata wopulumuka, kenako atisonyeze, kuchokera mu khalidwe lake, chifukwa chimene singautenge.