Ngalande za Vauban

Asilikali a ku France ankatchuka ndi kuthamangira mdani mopanda mantha, koma chida chomwe chinagwetsa malinga ambiri m'nthawi ya Mfumu Louis XIV chinali fosholo. Mwini luso limeneli anali Vauban, injiniya wa asilikali, yemwe mu 1673 anagonjetsa mzinda wa Maastricht pasanathe masabata awiri.

Ntchito inkayamba usiku. Pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera ku linga, pomwe mizinga ya adani sinkalasa bwino, asilikali ankakumba ngalande yaitali yoyang'anizana ndi khoma, yobisalamo anthu ndi mizinga. Kuchokera mmenemo ankakumba zina zolowera ku linga, koma mokhotakhota. Ngalande ikanakhala yowongoka, chipolopolo chimodzi cha mzinga chikanasesa onse anali mkatimo.

Kumapeto kwa ngalande yokhotayo ndi kumene kunali ntchito yoti munthu aionerere. Kunkakhala amuna anayi. Woyamba ankagwira atagwada, akukankha chotchinga patsogolo pake. Ankaimika dengu lalitali lopanda pansi, lolukidwa ndi nthambi, kumbali yomwe kuli adani, n'kumathiramo dothi lomwe akukumba. Likadzaza, ankaimika lina pambali pake. Iye sankazamitsa kwenikweni, ankangosiya kanjira kokwanira munthu wokwawa. Wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi aliyense ankawonjezera pang'ono m'lifupi ndi kuya, akutseka mipata ya pakati pa madengu ndi timitolo ta nthambi. Taonani nzeru yake: dothi lochoka pansi ndi lomwe linkasanduka khoma, moti fosholo imodzi inkagwira ntchito ziwiri. Malo akutsogolowo ankasinthana, popeza imfa inkayambira pamenepo, ndipo malipiro ankawerengera kutalika kwa ngalande, n'kumakwera akamayandikira linga.

Akafika pakatikati ankakumbanso ngalande yachiwiri yoyang'anizana ndi khoma, kenako yachitatu m'tsinde mwa linga. Adani akatuluka kudzasokoneza okumba, ankapeza asilikali ali chire pafupi pomwepo.

Utsogoleri wa Vauban unali wotero. Akuluakulu ena ankakonda kutuma anthu poyera kuti atchuke msanga, koma iye ankalowa yekha m'ngalande kukayeza makhotedwe ake, ndipo chipsera chomwe anali nacho patsaya anachitenga pa nkhondo ya mzinda wa Douai mu 1667. Ngakhale onga ankauwerengera. Pa mzinda wa Philippsburg mu 1688 anauza oombera mizinga kuti auchepetse, kuti chipolopolo chizingodumpha khoma n'kumadumphadumpha mkati, chikuphwanya mizinga ya adani umodzi ndi umodzi.