Mkulu ndi Mwana wa Ntchito Yakupha

Awerengi, pali mabuku a Chingerezi osimba za mayiko opeka, a mafumu ndi matsenga. Ena mwa mabukuwa asimba za mnyamata wophunzira ntchito yakupha anthu mwachinsinsi kwa munthu wokalamba. Tiyese awiri, onse olembedwa ndi anthu a ku Amereka.

Loyamba ndilo Assassin's Apprentice, lotuluka mu 1995. Ili linali buku loyamba kutuluka ndi dzina la Robin Hobb, ngakhale mayiyu adalembapo kale ena ndi dzina la Megan Lindholm. Fitz, mwana wapathengo wa kalonga, aperekedwa kubanja lachifumu ali ndi zaka 6. Usiku nkhalamba Chade imuitanira kuchipinda chobisika, nimphunzitsa za zitsamba ndi chiphe, kuti adzatumikire Mfumu Shrewd.

Lachiwiri ndilo The Way of Shadows, lotuluka mu 2008, buku loyamba la Brent Weeks. Azoth, mwana wamasiye wa m'makwalala a mzinda wa Cenaria, apempha Durzo Blint kuti amphunzitse. Durzo amuuza kuti ayambe wapha Rat, mnyamata wankhanza, ndi kuti asiye abwenzi ake. Azoth azengereza, ndipo Rat aononga nkhope ya kamtsikana kamene Azoth anakakonda.

Tsono mtima wa mabukuwa suli pa mpeni, koma pa funso ili: kodi mkulu angakonde mwana ndi kumpatsanso ntchito yomuononga? Ife timati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma muno mkulu yemwe ndiye ayatsa motowo.

Pa funsoli Hobb apambana. Tsiku lina Chade alamula Fitz kuti akabe kanthu m'chipinda cha Mfumu. Mwanayo akana, pakuti adalonjeza kukhulupirika kwa Mfumuyo. Chade amkana nayenso, ndipo mwanayo adwala ndi chisoni. Pambuyo pake nkhalambayo idza yokha kudzapepesa. Apa palibe mwazi, komatu wowerenga aona bwino lomwe mphamvu imene mphunzitsi ali nayo pa mwana wopanda atate.

Weeks adziwa kuthamangitsa nkhani, kotero kuti munthu safuna kulitula pansi bukulo. Durzo wake, amene aphunzitsa kuti chikondi ndi kufooka pamene iye mwini akonda mnyamatayo mobisa, ndi munthu wosaiwalika. Koma mwazi uchuluka kufikira wowerenga aleka kuuopa. Ndiponso matsenga adzutsa mnyamatayo kwa akufa; ndipo imfa ikakhala yobwezeka, kupha kuleka kulemera.

Chotero wofuna kuwerenga limodzi lokha ayambe ndi la Hobb. Ndipo inu amene muli ndi mwana wophunzira ntchito m'manja mwanu, kaya ya ukalipentala kaya yosoka, dziwani kuti mwanayo satenga luso lokha ayi. Atenganso mtima wanu, ndipo zimene mumlamula lero adzaziyesa zolungama chifukwa chokukondani.