Ng'oma ya Masiteshoni a Njanji

Ilire ng'oma kuno ku Chilobwe, patsinde pa phiri la Soche, aimve onse a m'mbali mwa njanji!

Inu a Limbe, Mayi wa Njanji, Chidyamalasha, Mdzutsa-ogona wa m'mbandakucha! Inu amene sitima inakupezani mu 1908 itakwera zitunda kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Munasenza tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, munasenza fodya, msana osapindika. Thistle, injini yanu yachisamba, yakhala pansi pakhomo panu. Mbale wake Shamrock ali kunyumba yosungira zakale ku Chichiri, ana asukulu akumuzungulira, akugwiragwira mateyala ake achitsulo, akufunsa aphunzitsi kuti moto unkasonkhedwa pati.

Inu a Blantyre, Mnansi wa Wenela, dzina la amuna opita ku migodi ya ku Joni! Njanji yanu yopita ku Limbe ndi njira ya apantchito opanda ya minibasi, m'mawa chigulu, madzulo chigulu.

Ilire, ilirebe, itsetsereke kumwera!

Inu a Luchenza, Mlandira-alendo! Inu a Sandama, Mwini Nthochi, Mdyetsa-tauni, mikoko yodzaza bogi mpaka pakhomo! Inu a Makhanga, Msambira-m'Ruo, amene madzi a 2015 anakufikani m'khosi! Inu a Chiromo, Wodulidwa-mwendo, amene Shire anakukokololerani njanji mu 1997, a Bangula n'kutsala kutsidya akukodola ndi dzanja! Zimandiwawa ine, pakuti njanji ya dziko lino inabadwira kwanuko kuchigwa.

Koma ndani anakuonani mutakhala manja lende? Khonde la siteshoni ndi msika. Mayi wayala chiguduli, waunjika tomato anayianayi, wakhazika beseni la mandasi pamene pankaima wogulitsa matikiti. Chimanga chayanikidwa pasimenti, mwana ali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Matumba a makala atsamira khoma, mbuzi zausa pamthunzi, anyamata akumenya chikulunga pakati pa mizere iwiri ya zitsulo. Achikulire afukula bawo pansi pa chikwangwani chofufuma dzina. Ndikutamani chifukwa cha zimenezi, inu Osataya-anthu, inu Mthunzi wa Osauka!

Ng'oma itembenuke, iloze kumpoto.

A Lirangwe, moni! A Balaka, Mtsegula-njira ya ku Salima ya 1935, moni! A Chipoka, Mpereka-katundu kwa sitima za panyanja, moni!

Ndipo inu a Nkaya, Mphambano, Mgawa-njira, amene mu 1970 munatsegula khomo la ku Nayuchi! Malasha a ku Moatize akudutsa pamaso panu usana ndi usiku, mabogi osatha kuwerenga, ulendo wa ku Nacala. Sitima ya anthu ikangoima, amayi a nzimbe ndi nsomba zokazinga ali kale pazenera, dengu pamutu, chenje m'chitenje. Lizani mluzu, a Nkaya, lizani mokweza, aumve a ku Chiromo!