Banjo ya Namoko m'zaka za maliro

Allan Namoko anali wosaona, koma makutu ake ankatola zimene ife openya timazidutsa. Anabadwa mu 1956, namwalira mu 1995. Gulu lake analitcha dzina la mtsinje wa kwawo ku Thyolo, Chimvu, ndipo ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, zilankhulo zimene zimamveka m'minda ya tiyi ya Conforzi, Satemwa, Naming'omba ndi Makwasa. Makolo a ambiri mwa anthu othyola tiyiwo anachokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Anthu otere mavuto amawadziwa bwino, ndipo woimba wongoyerekeza kulira amamutulukira msanga.

Tamverani mmene amamangira nyimbo. Banjo ndiyo imatsogolera, ndi kachigawo kakafupi kamene amakabwereza mosatopa. Poyamba mungaganize kuti akungozungulira pamodzi, koma mukatchera khutu mumva kuti apa wafulumiza chala, apo wasiya kampata, kenako wabwerera pomwe anayambira. Ng'oma zimabwera pambuyo, zopepuka, zosalimbana ndi banjoyo. Zida za magulu a jazi akumudzi ngati limeneli zinali zosauka, zambiri zopanga okha, ndipo kusaukako kunawaphunzitsa kusataya kanthu: chingwe chilichonse chili ndi ntchito yake, palibe chongolira kuti chidzaze malo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi liwu lake. Ndi lopyapyala, lokwera, lotulukira pang'ono m'mphuno, ndipo limakhala ngati lithyoka koma osathyoka. Akaponya mzere, anzake amauvomera, iye n'kuponyanso. Pansi pa liwu lodandaulalo pali kayimbidwe kovinitsa. Apa ndi pamene pagona luso lake lonse: miyendo ikuvina, mtima ukulira, ndipo palibe chimene chikusokoneza chinzake. Ndi mmene amachitira amayi pamtondo, kudandaula za kukhosi uku musi ukugunda mosaphonya. Nyimbo yachisoni chokhachokha munthu amaithawa ikamveka kawiri. Ya Namoko unkatha kuimva kumowa, pamsika wa Bvumbwe, m'basi ya ku Luchenza, n'kufika nayo kunyumba ili pakamwa.

Chimbale chake chotchedwa Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa, ndipo Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inali itayamba kupulula anthu. Thyolo, ndi anthu ake ochuluka okhala mothinana m'mphepete mwa minda ya tiyi, linali limodzi mwa maboma okanthidwa kwambiri. Nthendayo sinkatchulidwa poyera. Ena ankangoti kaliwondewonde, ena magawagawa, ndipo pamaliro ankangolengeza kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Wailesi inali imodzi, MBC, wailesi yakanema kunalibe, ndipo mu ulamuliro wa Kamuzu aliyense ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Mankhwala a ma ARV anadzafika ku Thyolo cha m'ma 2003 kudzera ku bungwe la Médecins Sans Frontières, Namoko atagona kale m'manda.

Iye sanali mlangizi wa zaumoyo, ndipo nyimbo sinachizepo munthu. Koma m'zaka zimene agogo ankatsala ndi zidzukulu zodzaza khonde, kuika ana amasiye patsogolo pa chimbale kunali kunena mokweza chimene mudzi wonse unkangonong'ona. Wamasiye akamva kuti tsoka lake likuimbidwa pa wailesi, amadziwa kuti waoneka; malume wolanda chuma cha malemu nayenso amamva, ndipo manyazi amamugwira ngakhale asavomere. Imeneyi ndi ntchito ya dziko, yolemera chimodzimodzi ndi kugawa chimanga.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera, kuphatikizapo Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Mapiri anagumuka, milatho inakokoloka, magetsi anazima, mafoni anathera moto m'manja. Pa nthawi yotero uthenga umene umapulumutsa ndi umene munthu anausunga kale m'mutu. Chenjezo lowerengedwa papepala, m'Chichewa chomasuliridwa mokakamiza, limalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Namoko ankadziwa njira ina: mawu ochepa, m'chilankhulo cha mwini tsoka, obwerezedwa mpaka mwana awaloweze, osiyira womvera mpata wovomera.

Inu olemba mauthenga a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi inu oulutsa mawu pa wailesi za m'madera, khalani pansi mumvetsere Chimvu Jazz musanalembe chenjezo lotsatira. Ndipo oimba a banjo amene akadalipo m'misika ya Thyolo muwaitane dzinja lisanafike, muwalipire monga mulipirira akatswiri ena onse.