Amisiri osanja mayina

Ndikaona amayi a pamsika wa Lizulu akusanja kachewere, wamkulu mulu wake, wambewu mulu wake, ndimakumbukira amisiri okonza database. Ntchito yawo imayambira papepala, kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Kajambulidwe kake anakafalitsa ndi Peter Chen mu 1976, ena n'kudzawonjezapo mbali imene ndimaikonda kwambiri, ya superclass ndi subclass.

Tiyerekeze kuti akukonzera chipatala cha boma cha Ntcheu. Mmisiri amajambula bokosi pamwamba, nalemba "Munthu": dzina, tsiku lobadwa, mudzi, kaya ndi kwa Kwataine kaya kwa Njolomole. Limeneli ndiye superclass. Pansi pake amakoka mizere kutsikira ku timabokosi ta subclass, monga "Namwino" ndi "Wodwala". Namwino amatengera zonse za "Munthu" monga mwana wa Chingoni atengera chiwongo cha bambo ake, n'kungowonjeza wodi imene amagwirako. Wodwala amawonjeza tsiku logonekedwa.

Chimene chimandigwira mtima ndi funso limene mmisiriyo amadzifunsa ali yekha: nanga namwino akadwala malungo? Wodziwa ntchito amalemba kachilembo "o" m'kabwalo kolumikiza mizereyo, kusonyeza kuti munthu mmodzi angakhale konsekonse. Namwinoyo amagonekedwa, dzina lake osalembedwa kawiri.